Njerwa Zimene Sindinagogode

Mpaka mwezi wathawu, nkhani iyi ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Ndikuilemba ndili nkhalamba, m'nyumba ya mwana wanga Tadala ku Tyrrelstown, dera lina la mzinda wa Dublin, kumene ndinabwera kudzakhala thupi litayamba kukana.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anga anali mmisiri woumba ndi kumanga njerwa kwathu ku Chiradzulu. Mwini esiteti ina ya fodya anawapatsa ntchito yomanga mlatho pakamtsinje kodula msewu wa ngolo, mlatho wa njerwa zokhazokha, wopindika kunsi ngati uta. Anali asanapatsidwepo ntchito yaikulu chotero, ndipo masiku amenewo ankayenda akuimba mluzu.

Ine ntchito yanga inali yosankha njerwa. Uvuni ukazizira, ndinkatenga njerwa ziwiriziwiri n'kuziombanitsa pafupi ndi khutu. Yopsa bwino imalira kuti ngwee, ngati khasu. Yosapsa imangoti phu, ngati wamenya dzungu.

“Maso amanama, Laimoni,” ankatero bambo. “Njerwa uziifunsa ndi khutu. Yosayankha uponye uko, tidzamangira khola.”

Pa nthawiyo ndinali ndisanayambe sukulu. Bambo ankangoti chaka chamawa. Koma kuseri kwa phiri kunali sukulu ya mishoni, ndipo ndikapeza mpata ndinkakaima kuseri kwa zenera, kumvetsera anzanga akuimba zilembo. Tsiku lina bambo anapita kukadula mitengo, nandisiyira mulu wotsiriza, njerwa za m'mbali mwa uvuni kumene moto sufika bwino. Ndisanafike n'pakati pomwe, belu la sukulu linalira. Ndinanyamula zotsalazo osagogoda ndi imodzi yomwe, ndinaziunjika pamulu wa zabwino, pamwamba n'kuikapo zofiira kwambiri, kenako ndinathamanga.

Atabwerako anandifunsa, “Wagogoda zonse?”

“Zonse, bambo.”

Sanapite kukaona. Ankandikhulupirira.

Mlathowo unapirira dzinja limodzi. M'dzinja lachiwiri mtsinje unadzaza masiku atatu, ndipo ngolo ya a Matiki, amene ankatuta nkhuni za esiteti, itafika pakati, utawo unakhala pansi. Ng'ombe imodzi anaizingira pomwepo. A Matiki anawadula mwendo kuchipatala.

Mudzi wonse unasonkhana pagombe. Kapitawo wa esiteti anatola njerwa m'matope, naifinya ndi dzanja limodzi, ndipo inanyenyeka.

“Amisiri, mwatimangira mlatho wa chigumu?”

Ena anaseka. Bambo anatola ina, naithyola, n'kuyang'ana m'kati mwake, mmene munali motuwa. Kenako anandiyang'ana ine, kamodzi kokha. Ndinadikira kuti anditchule. Koma ine ndinangoyang'ana zala zakuphazi.

“Mmisiri ndine,” anatero bambo. “Wolakwa ndine.”

Kuchokera tsikulo dzina lawo linasanduka Achigumu. Panalibenso wowaitana, ngakhale kukamanga chimbudzi. Mluzu unatha. Chaka chisanathe analembetsa ulendo wa ku migodi ya ku Joni. Anatumiza makalata awiri, basi, ndipo sitidziwa kumene anaikidwa. Achemwali anga a Esinati anali pachitomero ndi mphwake wa a Matiki, ndipo ukwatiwo unafera m'mazira. Mpaka lero achemwaliwo, ali ndi zidzukulu, akamatchula bambo amati “aja anatichititsa manyazi aja,” ndipo ana awo anakula akudziwa agogo awo ngati mmisiri wachinyengo. Ine sukulu ndinadzayamba ndili ndi zaka 16, ndevu zikumera, pakati pa tiana tamamina. Zilembo ndinazidziwa, koma sizinanditsekemerenso.

Kuno ku Dublin adokotala anandilamula kuti ndiziyenda. Tadala akakhala kuti alibe shifiti kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, timakwera basi kukayenda m'mbali mwa ngalande yakale imene kale munkadutsa mabwato okokedwa ndi akavalo. Pali mlatho wa njerwa, wopapatiza, wokhala ndi linunda. Pangodya pake pali mizere yakuya imene zingwe za akavalowo zinadya. Nthawi zonse ndinkadutsa pansi pake mofulumira, maso ali kumadzi.

Mwezi watha tinapeza amisiri akuukonza. Sankagwetsa. Ankachotsa njerwa imodziimodzi, kuilemba nambala ndi choko kuti idzabwerere pamalo ake enieni, ndipo matope awo anali a laimu ngati a akale, osati simenti. Mmodzi wa iwo, bambo waimvi, anatenga njerwa, naiyandikiza kukhutu, n'kuigogoda ndi chipande chake chachitsulo.

Ngwee.

Ndinaima, n'kugwira mpanda umene anatchingira malo a ntchitoyo. Mmisiriyo atandiona anafunsa ngati ndinamangapo. Ndinayankha m'Chingelezi changa cha mochedwachi kuti bambo anga ndiwo anali mmisiri. Anandipatsira njerwayo pamwamba pa mpanda. Inali yozizira, yolemera, ndipo m'mbali munali kachidindo ka chala cha woumba.

“Zaka zoposa mazana awiri m'mvula yathuyi,” anatero, “koma imvani mmene ikuyankhira.”

Ndinamufunsa chifukwa chake akuvutika chotero m'malo mothira konkire. Anaseka.

“Ndi konkire ntchitoyi ingathe sabata imodzi, achikulire. Koma anthu amene anamanga apa mayina awo sanalembedwe paliponse. Chatsala n'chomwechi. Tikagwetsa, ndani adzadziwe kuti ankaidziwa ntchito?”

M'maganizo ndinkaona mlatho wina, pakamtsinje ka ku Chiradzulu, umene ukanakhala ulipo lero, ana akuwolokapo n'kumati anamanga ndi agogo a uje. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti ndinali mwana, ndipo bambo anasankha okha kusenza mlanduwo. Koma iwo anasenza kuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi akule. Sanati nkhalamba ya imvi izibisalabe kumbuyo kwawo. Mlatho ndinaugwetsa ndili mwana. Dzina lawo ndakhala ndikuligwetsa ndili wamkulu, nthawi iliyonse imene achemwali ankawanyoza ine n'kukhala chete.

“Adadi, mwazizidwa eti?” anatero Tadala. “Ndinakuuzani muvale jekete lija, inu makani.”

“Azakhali ako ali ndi foni masiku ano?”

“Ili ndi mdzukulu wawo. Bwanji, kwagwanji?”

Sindinamuuze. Woyamba kumva sanayenere kukhala iye.

M'mawa mwake, Tadala asananyamuke kupita kuntchito, ndinamupempha kuti andiimbire nambalayo, atuluke, atseke chitseko. Foni inaitana nthawi yaitali. Kenako ndinamva nkhuku, phazi likukwekwereza pansi, ndi mawu okalamba akufunsa kuti ndani.

“Achemwali, ndine Laimoni. Khalani pansi, ndipo musandidule mawu. Njerwa za mlatho uja, bambo anandifunsa ngati ndinagogoda zonse. Ndinawanamiza.”