Ola Limene a Bernadine Sanafufute

Bambo Mfumu Dudek andipempha katatu kuti ndilembe za akazi anga m'kalata ya parishi. Kawiri ndinakana. Sindine munthu wa mawu. Koma pali ola limodzi limene ndikufuna mulidziwe.

A Bernadine Wojtas anabadwa mu 1946 kuseri kwa fakitale ya zitsulo, mwana wachisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, bambo awo anathyoka msana kufakitaleko. Iwo ndi amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi asanapite ku Misa ya m'mawa ndi kusukulu. Unamwino anauyambira pamenepo.

Tinadalitsa ukwati m'tchalitchi chino cha Hedwig Woyera mu 1968. Wansembe anachita kundifunsa kawiri ngati ndavomera, chifukwa sanandimve. A Bernadine anaseka paguwa pomwepo, ndipo kuyambira tsikulo ankanditchula kuti Wolongolola.

Anapita padera katatu. Mwana wathu sitinamunyamulepo m'manja. Kachitatuko ine ndinasiya kupemphera kwa chaka chathunthu. Sanandikakamize. Lamlungu lililonse ankangosita malaya anga oyera n'kuwapachika pachitseko, mpaka ndinachita nawo manyazi malayawo n'kubwerera ku Misa. Anagwira ntchito m'chipinda cha amayi oyembekezera zaka makumi atatu ndi zisanu, akulandira ana a anthu ena. Pa Lenti ankaumba timikate tathu ta mbatata tija ta pierogi, mazanamazana, ndipo ambiri a inu munatidya.

Atapuma pantchito anavomera kumayankha foni ya gulu lathu loteteza moyo. Oimba anali amayi amene amwa piritsi loyamba lochotsera mimba, kenako n'kusintha maganizo asanamwe lachiwiri. Ntchito inali yowathamangitsira kwa dokotala wowapatsa mankhwala ena, kuti mwina mimba igwire. Ina inkagwira, ina ayi, ndipo a Bernadine sankabisa zimenezi kwa aliyense. Ine ndinkadana nayo foniyo, chifukwa inkalira chakudya chili patebulo. Komabe woyendetsa galimoto ndinali ine.

Sindinawamvepo akufunsa mayi kuti, "Unamweranji?" Funso lawo linali limodzi: "Wamwa nthawi yanji, mwana wanga?" Ankati, "Chifukwa chake n'cha iye ndi Mulungu. Changa ndi ola." Dzina sankalemba paliponse. Ankalemba olalo pakalendala ya kukhitchini, n'kumanena Tikuoneni Maria nthawi imeneyo tsiku ndi tsiku mpaka atamva mapeto ake. Akamva, kaya abwino kaya oipa, ankafufuta.

Lachinayi lina mu Febuluwale 2015 anaimba mtsikana, dzina lake Latrice. Anali atamwa dzulo lake, 2:40 masana. Tinakamutenga pamalo ochapira zovala pomwe ankagwira ntchito, chipale chofewa chikugwa. Anakhala kumbuyo, a Bernadine atamugwira dzanja.

"Mayi, kodi madalawa salankhula?" anafunsa mtsikanayo titayenda kamtunda.

"Anamaliza mawu awo onse tsiku la ukwati."

Mtsikanayo anaseka misozi ili m'maso. Dokotala anamuona, tinamubwezera kuntchito, ndipo analonjeza kuimba Lolemba. Sanaimbe. Foni yake inasiya kulowa. Kochapira zovala kuja anati wasiya ntchito.

Maola ena onse anafufutidwa, koma 2:40 linatsala. Januwale aliyense ankalikopera pakalendala yatsopano. Anagula wotchi ya alamu n'kuiika pamwamba pa firiji, ndipo inkalira masana aliwonse kwa zaka zisanu ndi zinayi.

"Zimitsani chinthucho," ndinatero tsiku lina. "Mwanayo anakuiwalani."

"Sindinamupemphe kuti azindikumbukira, Wolongolola inu. Khalani pansi muyankhire pemphero."

Ndinakhala pansi.

Chaka chatha anapezeka ndi khansa. Sanadandaule, ndipo foni anaisiya pamene mawu anayamba kuthawa. Mu Meyi dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti kwatsala masabata ochepa. Masana ena wotchi inalira, iwo anayamba pemphero n'kulephera kulimaliza. Kenako anati, "Casimir, ndikanakonda kudziwa. Ngakhale zitakhala zoipa." Pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, aka kanali koyamba kupempha kanthu ka iwo eni.

M'mawa mwake ndinapita kochapira zovala kuja ndi kapepala. Dzina sindinalembe, akanandikalipira. Ndinalemba kuti: "2:40. Galimoto yobiriwira, madala osalankhula. Mayi aja akudwala ndipo akufunsa za inu." Pansi ndinaika nambala yathu. Mwini malo anakachotsa. Ndinamata kena. Anachotsanso. Ndinamata kachitatu n'kukhala pampando pansi pake.

"Madala, mukuchapa kapena mukudikira basi?" anandifunsa.

"Ndikudikira."

Ndinkapita m'mawa uliwonse a Bernadine akagona, mlongo wawo ali pambali. Tsiku la khumi ndi chimodzi mayi wina wopinda nsalu za pabedi anakawerenga kawiri, n'kundiyang'ana. "Msuweni wanga ankagwira ntchito pano," anatero. Anakajambula pafoni. Ndisanafike kunyumba, foni yathu inali italira.

Latrice anabwera Loweruka atayendetsa galimoto maola asanu ndi awiri. Anaima pakhomo la chipinda akulira. Anafotokoza kuti bwenzi lake linamuphwanyira foni sabata lomwe lija, iye n'kuthawira kwa azakhali ake kutali. Pambuyo pake anachita manyazi kuimba, ndipo manyaziwo ankakula chaka ndi chaka.

"Pepani, mayi. Ndinkati mawa, mawa."

"Usandiuze chifukwa chake," anatero a Bernadine. "Ndani uyo wabisala kumbuyo kwako?"

Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, wamiyendo yaitali, dzino limodzi lam'mbali litaguluka. Dzina lake Simone. Mayi ake anamukankhira pafupi ndi bedi. A Bernadine anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumugwira tsaya.

"Unabadwa nthawi yanji, mwana wanga?"

"Sindikudziwa, agogo. Ndinali wamng'ono."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Latrice anati, "6:10 m'mawa, mayi. Analira ngati galimoto ya ozimitsa moto."

"Wolongolola, bweretsani kalendala ndi pensulo."

Ndinabweretsa. Simone anawagwirira pepala. Anadula mzere umodzi pa 2:40, n'kutsamira pilo.

"Tsopano kazimitseni wotchi ija."

Lachitatu lotsatira Bambo Mfumu anawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Masana anagona. Nthawi ya 2:40 inakwana, m'nyumba munali zii, iwo sanatsegule maso. Anamwalira itangodutsa 3 koloko, kolona ili m'dzanja, nkhope ili ngati ya munthu amene watula katundu. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.

Foni ija ikulirabe. Pakali pano ilibe woyankha Lachiwiri ndi Lachinayi. Galimoto ndiyendetsa ine, monga kale. Akufunika munthu wokhala kumbuyo, wogwira dzanja, wodziwa kufunsa nthawi yokha. Kalendala ndili nayo.

Casimir Wojtas