Mapepala a Madamu ndi Zala za Azakhali

Madamu amene ndinkawagwirira ntchito ku Rosebank, ku Joni, sankadwala, koma sindinaonepo munthu wokonda matenda ngati iwo. Anali ndi tsamba lawo pa intaneti, ati bulogu, pomwe ankalemba za thanzi: zoyenera kudya, zoyenera kusiya, ngakhale kapumidwe ka mpweya. Inde, kupuma kumeneku. Ine ndinali nditakwanitsa zaka makumi atatu ndikupuma molakwika osadziwa.

Sanali okha. Linali gulu ndithu, azimayi ambiri ndi azibambo awiri atatu, aliyense ndi bulogu yake, ndipo anali ndi mwambo wa Lachisanu. Tsiku limenelo aliyense ankaika mndandanda wa nkhani zisanu zimene anzake alemba, n'kuuza anthu kuti aziwerenge. Anzakewo ankabwera pansi pake kudzathokoza. "Zokoma zedi!" "Zandisintha moyo!" Moyo wa anthu amenewa unkasintha Lachisanu lililonse.

Chinsinsi chawo ndinachitulukira ndikusita. Madamu ankasindikiza nkhanizo pamapepala kuti akawerenge ali m'bafa, koma mapepalawo ankathera patebulo lositira, osakwinyika ndi pang'ono pomwe. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 3 kwathu ku Balaka, ndipo chilichonse cholembedwa chikakhala pafupi maso anga sachedwa kugwerapo. Ndinayamba kumawerenga podikira simbi kuti itenthe. Tsiku lina ndinawauza kuti nkhani ya ufa wa malambe ija yandiseketsa, chifukwa kwathu amene amalimbirana malambe ndi anyani ndi ana asukulu.

Anandiyang'ana, kenako anafunsa motsitsa mawu: "Kodi ikunena chiyani nkhaniyo?"

Nkhaniyo anali ataiika kale pamndandanda wawo sabata yapitayo, anthu atathokoza kale kuti yawasintha moyo.

Kuyambira pamenepo Lachinayi linasanduka tsiku langa la sukulu. Ankandipatsa mulu wa mapepala, ine n'kuwerenga, n'kuwafotokozera uku ndikupinda malaya a abwana. Poyamba ankasankha okha zisanuzo. Kenako anayamba kungofuula ali pamakwerero kuti ndiziike pamwamba zimene zandisangalatsa. Ndiye azungu ophunzira a mbali yonse ija ankamwa madzi a ndimu m'mawa, kapena kusiya buledi, malinga ndi zimene mayi wa ku Balaka wakonda sabata imeneyo. Sindibisa, ndinkadzimva.

M'gululo munali mayi mmodzi, nesi wopuma pantchito, amene zolemba zake zinalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Anzake ankaika zithunzi za mapeyala odulidwa mwaluso ndi atsikana opinda miyendo pamchenga. Iye ankangolemba kuti sambani m'manja, imwani mankhwala anu mpaka athe, pitani kuchipatala. Nkhani zoti ndi mwana wa Sitandade 4 yemwe amazidziwa. Madamu ankamumvera chisoni, ndiye lamulo linali loti tizimuika ndithu, koma nambala faifi. Ine ndinkangowerenga mzere woyamba n'kuponya pansi pa mulu.

Loweruka ndinkapita ku Alex, komboni ya ku Joni komweko, kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo anga. Ndi amene anandiitanitsa ku Joni, kundigoneka m'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya eni, n'kundipezera ntchito ija. Ankakazinga magwinya, mandasi a kumeneko, n'kumagulitsa pokwerera mataxi. Mapepala otha ntchito ndinkawatengera kuti azikulungira malondawo, koma a nkhani zokoma ndinkasunga m'chikwama changa. Pabwalo la nyumba ya eni ija anthu anayamba kunditchula adokotala. Bambo wina wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anali a ku Dedza, anabwera ndi m'mimba, ine n'kumulembera adyo. Anachira, mwina chifukwa m'mimba mumatha mokha, ndipo mbiri yanga inakula.

Azakhali anali ndi shuga. Anawapeza nayo kalekale kukliniki, koma chichitikireni zipolowe zothamangitsa anthu obwera za 2008 zija, pamene anathawa m'chipinda chawo atangovala zimene anali nazo m'thupi, anasiya kupita kulikonse kumene munthu amaima pamzere n'kufunsidwa dzina. Pasipoti yawo inali itatha kale. Chizulu ankachilankhula bwino, koma iwo eni ankati chimanunkha Balaka.

Loweruka lina ndinawapeza atamanga kansanza kuchala chachiwiri cha phazi lamanzere. Mafuta otentha anawadonthera, ati sanamve n'komwe, anangoona madzulo povula nsapato.

"Sichikupweteka, mwana wa achimwene," anatero. "Ndi kabala ka masewera."

"Ngati sichikupweteka ndiye kuti ndi chaching'ono," ndinatero ine, adokotala. Ndinatsegula chikwama.

Ndinawalembera uchi wosakaniza ndi tameriki, ufa wachikasu wothira m'ndiwo, wopaka m'mawa ndi madzulo, ndi sinamoni wothira mu tiyi kuti shuga atsike. Zonsezi zinali papepala, zithunzi zokongola zili pomwepo. Azakhali anasangalala koopsa, chifukwa palibe pepala limene linatchula mzere wa kukliniki. Sabata yachiwiri chala chinatupa. Lachinayi lake ndinafufuza mulu wonse kufuna nkhani yogwirizana nane, ndipo ndinaipeza, poti pa intaneti munthu susowa wokuvomereza. Sabata yachitatu m'chipinda muja munayamba kumveka kafungo. Ndinawauza kuti ndi poizoni akutuluka m'thupi. Mawu amenewo gulu la madamu linkawakonda kwambiri, ndipo ankagwira ntchito pa chilichonse.

Loweruka lachinayi m'mawa ndinakhala pakhomo ndikudya gwinya lotentha. Pepala lokulungira linali litanyowa mafuta mpaka kumaonekera mbali inayo, ndipo maso anga, mwa chizolowezi chawo, anagwerapo. Linali la nesi uja. Ankati munthu wa shuga akakhala ndi bala kuphazi ndipo silikupweteka, asasangalale, chifukwa shugayo ndi amene wapha mitsempha yomvera ululu. Ankati bala lotero silidikira, munthu apite kuchipatala lero lomwe, ndipo likayamba fungo kapena kuda ndiye kuti wachedwa kale. Pakona pa pepalalo panali tsiku limene madamu analisindikiza. Linali lisanafike n'komwe tsiku limene azakhali anapsa. Ndine ndemwe ndinaliika nambala faifi, madamu n'kulemba pamwamba pake kuti aliyense awerenge, ine n'kulinyamula ndekha kuchokera ku Rosebank kudzalipereka kuti likulunge magwinya.

Gwinya lija ndinalisiya pomwepo. Ndinalowa n'kuwapempha kuti amasule nsanza ija. Chala chinali chitada kunsonga, chinzake choyandikana nacho chitayambanso.

"Azakhali, valani, tikupita kukliniki."

"Hayibo! Dzana unati uchi, lero ukuti kliniki. Udokotala wanji wosinthasintha chonchi?"

"Ine si dokotala, azakhali. Ine ntchito yanga ndi yosita."

"Mara ukudziwa kuti akandifunsa mapepala."

"Akafunsa tikaona komweko. Mukakhala pano adzadula mwendo."

Ndinali ndikulira, ndipo iwo sankakonda anthu olira m'mawa, ankati amathamangitsa makasitomala. Anavala nsapato imodzi, phazi linalo n'kulikulunga m'chitenje.

Pamzere wa kukliniki sankatsegula pakamwa ngakhale kuyankha moni. Titalowa, nesi amene tinam'peza anafunsa dzina ndi kumene amakhala, n'kulemba, basi. Zaka zonse zija za mantha zinathera m'mafunso awiri. Atamasula chitenje anaona phazi lachikasu ndi tameriki ngati nkhuku yoti iphikidwe, nyerere ziwiri zili pa uchi, n'kufunsa m'Chizulu kuti wachita zimenezi ndani.

Azakhali anandiloza monyadira. "Mwana wa mchimwene wanga. Amawerenga kwambiri."

Nesiyo sanandikalipire. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuyamba kulemba kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu. Bola akanandikalipira. Kumeneko anadula zala ziwiri, ndipo dokotala weniweni anati tithokoze kuti phazi latsala.

Lachinayi lotsatira ndinaika nkhani ya nesi wopuma uja nambala wani. Madamu anakwinya nkhope, ati ilibe chithunzi, koma nditawafotokozera anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akuwerenga pepala mpaka mzere womaliza. Lachisanu anaiika pamwamba penipeni. Gulu linabwera monga mwa nthawi zonse. "Zokoma zedi!" "Zandisintha moyo!" Ndinaseka ndekha m'chipinda chositira mpaka misozi, ndipo sindikudziwa ngati inali ya kuseka yokha.

Chikwama chija ndinachikhuthula. Pabwalo dzina la udokotala linatha lokha, popanda wonena kanthu. Pepala la mafuta lija ndinalisunga, chifukwa kumunsi kwake nesi wopuma uja analembanso kuti mapazi a munthu wa shuga aziyang'anidwa pafupipafupi ndi wina wa maso abwino, ndipo zikhadabo ziziwengedwa mosamala. Ntchito imeneyo inakhala yanga. Zaka zonse zimene ndinakhala ku Joni, Loweruka lililonse ndinkagwada pansi ndi beseni la madzi ofunda, n'kuika mapazi a azakhali pamiyendo panga.

Sanandiimbepo mlandu ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho n'chimene chinkandiwawa kwambiri. Ankangoti ndikafika paphazi lamanzere, pomwe lumo limadumpha mpata uja, iwo n'kundigogoda pamutu ndi chala.

"Usamadandaule, adokotala. Ntchito unadzichepetsera wekha, zatsala eyiti basi."

Ankaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkaseka nawo, mutu uli chiweramire, ndikupukuta pang'onopang'ono pamalo pomwe panali zala ziwiri zija.