Masaka a Fodya Pakhoma

Mpaka lero ndikamva fungo la fodya wa chikopa, mtima umandiwawa. Inali nthawi ya Chitaganya, ndikuphunzira ukalaliki pa kasukulu kogonera komweko, kuseri kwa msika wa ku Lilongwe. Chuma changa chonse chinali galamafoni yopukusa ndi mbale zake zitatu. Ndizo zokha zimene zinabwera kuchokera ku Joni achimwene anga atafera mumgodi. Mtembo sitinauone.

Mkulu wa sukulu, mzungu wochokera ku Halale, analamula kuti akangomva nyimbo m'zipinda, alanda choimbiracho. Ati phokoso. Phokoso! Chonsecho agalu ake ankauwa tsiku lonse, ife osadandaula.

Ndiye ine ndileke kumvera mbale za achimwene? Ayi ndithu. Mmwenye wina wa sitolo anandipatsa masaka akale a fodya. Ndinawakhomerera pakhoma awiriawiri, pakati n'kuikamo udzu, kuti nyimbo zisamveke panja. Pazenera ndinkapachika bulangete langa, kunsi kwa chitseko n'kutsekako ndi nsanza. Lamlungu masana ndinkapukusa n'kumavina ndekha, thukuta kamukamu, panja kuli zii. Ndinkadziyesa wochenjera.

Za mphuno sindinaganizeko. Tsiku loyendera zipinda, mzungu uja atangolowa ananunkhiza.

"Ukusuta iwe," anatero. "Longedza katundu, uzipita kwanu."

"Bwana, ine sindisuta. Ndi masakawa."

"Masaka pakhoma? A chiyani?"

Ndikakhala chete, sukulu yathera pomwepo, pamene amayi kumudzi anali atataya kale mwana mmodzi, maso onse ali pa ine. Ndinagwada n'kusolola galamafoni ija kunsi kwa bedi ndi manja angawa. Anandiuza kuti ndikaitule ndekha kunyumba kwake. Ndinaisenza pamutu anzanga akuonerera.

Lamlungu lotsatira masana, ndikukanganula masaka aja, ndinamva nyimbo. Inali mbale ya achimwene, ija yong'aluka pang'ono imene inkadumpha pakati. Inkachokera m'nyumba ya mzungu uja, kuseri kwa mpanda, mazenera onse ali chitsegukire, saka ngakhale limodzi palibe. Itafika podumpha paja, alendo ake anaseka chikhakhali. Mbava yachabechabe! Kani phokoso limasiya kukhala phokoso likasamukira kwa iwo?

Ndinatola mwala n'kukhomereranso masaka onse aja, ulendo uno kuti ndisamve. Koma nyimboyo inkalowabe.