Chipsera Changa pa Msewu wa ku Euthini

Ndinanyamuka pa Mzimba boma Loweruka m'mawa, kupita ku Euthini kukaonekera kwa mayi a bwenzi langa Chawanangwa. Iye amacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo lole yomwe amati akwere inafera m'nkhalango. Anandiimbira: "Pita basi, ndikupeza mawa. Ukangotsika pa siteji, amama akakuzindikira okha." Ndinaganiza kuti anawaonetsa chithunzi.

Ine ndine wa ku Dedza, ndimasoka zovala pa boma. Patsaya langa lamanzere pali chipsera chofika kukhutu, cha phala lamoto lomwe linanditayikira ndili wokwawa. Chawanangwa anachizolowera, koma apongozi si bwenzi. Ndinkaopa kuti akandiona kamodzi n'kuuza mwana wawo kuti akafune wina.

Ndiye Lachisanu ndinali nditapita kwa Che Asiyatu, ogulitsa zodzoladzola mumsika. Anandisankhira faundeshoni ndi paudala, nandiphunzitsa kupaka ndi chala, modinda osati mosisita. "Koma thukuta ndi mdani, mwanangu," anatero. "Ukakhale ngati dzira." Nditadziyang'ana pagalasi m'mawawo ndinadzipatsa moni. Tsaya linali see!

Dzira lija linakwera pikiapu ya matola. Kondakitala anati masauzande asanu ndi limodzi, kutsogolo kwadzaza. Anandikhazika pa thumba la feteleza, mwendo wina pansi pa njinga, wina sindikudziwa kuti unali kuti. Phula litatha, fumbi lofiira linayamba. Bambo wina wa chipewa, poona ndikudziphimba kumaso ndi chitenje, anafunsa ngati dzino likundiwawa. Ndinavomera, kuti nkhani ithe. Ulendo wonse anandilangiza mankhwala a dzino.

Pa kamsika kena tinaima kutsitsa feteleza. Anzanga anagula chinangwa chootcha ndi nthochi. Ine ndinakana, poopa kuti kutafuna kung'amba paudala. Njala inandipweteka, ndipo foni inathera moto pomwepo.

Tinafika ku Euthini dzuwa lili paliwombo, tsiku la msika, anthu piringupiringu. Pa siteji panaima mayi wachikulire wa ambulera yakuda, akuyang'ana nkhope ya mkazi aliyense wotsika. Mphuno yake inali ya Chawanangwa yeniyeni. Anafika pa ine, nandiyang'ana tsaya ili, tsaya ilo, n'kutembenuka kupita kukakhala pakhonde la golosale.

Ndinati basi, andiona, sanandifune. Kuwathamangira n'kudzitchula ndekha kuti ndine mpongozi wanu, manyazi sakanandilola. Ndinakhala kumapeto kwa khonde lomwelo, chikwama pamiyendo. Galimoto ina inabwera, mayi aja anadzuka, anayang'ana, anabwerera. Inanso chimodzimodzi. Ine misozi inali itayamba, ikusakanikirana ndi fumbi ndi paudala. Che Asiyatu za misozi sanandichenjeze.

Kenaka mayi aja anandiyandikira ndi kachigubu ka madzi. "Mwana wane, mwachoka kutali," anatero m'Chichewa chawo cha Chitumbuka. "Kuno mlendo sakhala ndi fumbi kumaso. Tchera manja, ndapota."

Madzi a munthu wamkulu sakanidwa. Ndiponso ndinali nditatopa, ndikuti chobisira n'chiyani poti andikana kale. Ndinatchera manja, iwo akuthira. Madzi anagwa pansi ofiirira, ndalama zanga zikupita nawo. Ndinapukuta ndi chitenje n'kudzutsa mutu.

Chigubu chinagwa.

"A-a! Ndiwe Esinati?"

"Ndine, amama."

"Nanga chipsera unachisiya kuti? Mwana wanga anati, amama, mukaona msungwana wa chipsera patsaya lamanzere, mbwenu ndi yemweyo. Ine chiimire kuyambira m'mawa, kusuzumira akazi a eni ngati wapolisi!"

Ndinafunsa chapansipansi ngati Chawanangwa anawauza kalekale.

"Chaka chatha! Mpaka za phala anatiuza." Anandigwira chibwano, natembenuza nkhope yanga kudzuwa, nayang'anitsitsa osafulumira. "N'chimenechi? Mmene amafotokozera ndinkayesa n'chachikulu chomene. Wadya?"

Ndinati ayi. Anandikalipira koyamba pomwepo, nandigulira mandasi awiri ndi thobwa, ndipo ndinatafuna ndi masaya onse. Titatha anandisenzetsa dengu lawo la tomato, monga achitira ndi mkamwana, mkazi wa mwana wawo, tinalowa njira ya kumudzi.

Paudala uja ndikadali naye, ndimadzola pa maukwati ndikafuna. Koma ndikakumbuka ulendowu ndimaseka ndekha pamakina. Ndinavutika tsiku lonse kubisa chinthu chokhacho chomwe apongozi anga ankachidikira pa siteji.