Bokosi la Sipika la Agogo aNangozo

Fungo limene limandibwezera agogo aNangozo ndi la guluu wa matabwa wosakaniza ndi utuchi, lomwe linkadzaza kuseri kwa nyumba yathu pa Sharpevale dzuwa likafika pamutu, malata akuthetheka ndi kutentha, nkhuku zitayasamula kukamwa pansi pa mtengo wa mango, sowo ikupita ndi kubwera pa thabwa osapumira. Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, wosachedwa pachitsime kumvera nkhani za eni. Ine Madalo ndinkakhala nawo chifukwa mayi anga ankagwira ntchito ku Blantyre.

Agogo aamuna, a Mbewe, anali kalipentala wodziwika mpaka ku Bwanje. Chimene anthu sankadziwa n'chakuti m'zaka zawo zomaliza manja ankawanjenjemera, moti mipando yambiri imene anthu ankaitamanda inkapalidwa ndi kulumikizidwa ndi agogo aakazi kuseri, eni dzina atakhala pa chitsa akungolozera. Atamwalira, abale awo a ku Kandeu anati adzabwera tikakolola kudzasudzula agogo, kuwamasula pa ukwati monga mwa mwambo, ndi kutenga katundu wa malemu. Pamudzipo panali kwawo kwa agogo aakazi, choncho nyumba palibe akanaikhudza. Nkhani inali pa zida: sowo, puleni, machizulo ndi benchi.

Potsanzika pa maliro, mng'ono wa malemu, a Filimoni, anaima pafupi ndi benchiyo.

"Alamu, zidazi zisachite dzimbiri. Tidzazitenga, mnyamata wanga akungokhala kunyumba."

"Zida zili ndi ntchito pompano, alamu," anayankha agogo.

"Wogwira ntchitoyo ndani?" A Filimoni anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Chabwino, mukadzationetsa mmisiri pakhomo pano, tidzazisiya."

"Mwamva nonse," anatero agogo, akuyang'ana anthu amene anali pamphasa.

Kunena kunali kosavuta. Anthu anayamba kudutsa pakhomo pathu ndi matabwa awo kupita kwa kalipentala wina wa kumsika, ena akunong'ona kuti mpando wopanga mkazi ungakugwetse pamaso pa apongozi. Zinkandiwawa kwambiri, koma agogo ankaganiza zina. Anaona kuti ngakhale atapanga mpando wokongola bwanji, a Filimoni adzati malemu anausiya utatha kale. Ankafuna chinthu chimene a Mbewe sanachionepo ndi maso.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, maminibasi atangochuluka pa msewu wa Balaka kupita ku Salima, ndipo achinyamata ankasankha yokwera pomvera nyimbo. Panali dalaivala wina, Lingisoni, amene mkulu wake anamutumizira sipika yaikulu ya besi kuchokera ku Joni maliro athu atapita kale. Iye anangoiponya m'katoni pansi pa mpando wakumbuyo, n'kumadabwa kuti bwanji ikulira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Tsiku lina tikuchokera kumsika, agogo anasuzumira m'minibasimo n'kufunsa kuti chinthucho chikudwala chiyani.

"Chikufuna bokosi, mayi. Koma amadziwa zimenezi ali ku tauni."

"Bweretsa kwathu, mwanawe. Likakanika sudzataya kanthu."

Lingisoni anali munthu wa nthabwala, ndipo ndikhulupirira anavomera kuti apeze nkhani yoseketsa anzake pa siteji.

Bokosi loyamba linamupatsadi nkhaniyo. Agogo anakula akuona azibambo awo akusema ng'oma, ndiye anaganiza kuti bokosi la nyimbo liyenera kukhala lopyapyala kuti lizilira lokha. Anagula pulayiwudi woonda, anamupala bwino, anakhoma misomali ing'onoing'ono. Lingisoni atalumikiza mawaya n'kukweza nyimbo, makoma a bokosi anayamba kupuma ngati mimba ya chule, phokoso lake ngati chidebe chogubuduzika, ndipo asanafike pa Bwanje mbali imodzi inakanuka. Madzulo kondakitala anabweza zidutswa akuseka mpaka misozi. Ine ndinathawira m'nyumba ndi manyazi.

Agogo sanathawe. Anakhala pa benchi akutembenuza zidutswazo nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndinalakwa. Ng'oma ili kale mu sipikamu. Bokosi ntchito yake n'kukhala chete."

M'mawa mwake ndinadzidzimuka kuwapeza akuzula chitseko cha khitchini, cha mlombwa wochindikala, n'kupachika chiguduli m'malo mwake. Anapita pa siteji ndi chingwe, anagwada m'minibasi anthu akuwayang'ana, nayeza malo a pansi pa mpando, kutalika, kuya ndi kupendekeka kwa chitsulo cha kumbuyo. Anauza Lingisoni kuti awasiyire sipika ndi ampu yake yokwezera mawu, iye ayambe wayenda ndi wailesi yokha. Batire anabwereka kwa bambo wina woonetsa mafilimu pamsika.

Chimene sindidzaiwala ndi mpunga. Atalumikiza matabwa ndi guluu ndi misomali yopota, anaika sipika, analiza kaseti pa wailesi ya malemu, kenaka anatapa mpunga wa ku Bwanje m'lichero n'kuuwaza pamwamba pa bokosi. Njere za m'mphepete zinangokhala, koma za pakati zinayamba kudumphadumpha n'kuthawira kumbali.

"Waona, Mada? Pamene mpunga ukuvina m'pamene thabwa likugonja."

Ankalemba malowo ndi khala, kuchotsa sipika, n'kuika mtanda wa thabwa mkati, wogwira khoma ili ndi linzake la kutsidya, moonetsetsa kuti usakhudze maginito a sipika. Ankatembenuza bokosi, kuwazanso mpunga mbali ina, kumasulanso. M'makona anamata timatabwa ta nsonga zitatu. Tsiku lina anachulutsa mitanda mpaka mawu anafinyika, chifukwa mpweya unasowa malo mkatimo, ndipo anachotsa ina osadandaula, n'kupala yotsalayo kuti ichepe. Pofuna kudziwa ngati mpweya ukutuluka m'malumikiziro, ankayendetsa nthenga ya nkhuku m'mbali monse nyimbo ikulira, ndipo pamene nthenga yagwedezeka ankamata guluu wa utuchi. Pomaliza anayala thonje lomasula mkati. Zala zawo zinatupa, nkhuku zathu zinanenepa ndi mpunga wogwa, ndipo mbuzi za eni zinalowa m'khitchini mopanda chitseko muja n'kudya ufa.

Anthu a ku Kandeu anabwera chimanga chili m'nkhokwe. Anakhala pansi pa mango, a Filimoni pamodzi ndi mlongo wawo wamkulu, aNambewe, amene mawu awo ankamveka m'banjamo. Mwambo unayenda bwino, agogo atazolika pamphasa. Njinga ya malemu, jekete ndi wailesi zinaperekedwa popanda mkangano. A Filimoni atadzuka kulunjika ku benchi, agogo anakweza mutu.

"Alamu, dikirani mmisiri munkamufuna uja."

Anandituma pa siteji. Ndinathamanga poopa kuti Lingisoni wachoka, koma ndinamupeza akudikira monga anapangana, bokosi latsopano lili kale pansi pa mpando. Anaimika minibasi pabwalo, anatsitsa bokosi pansi mawaya ali chilumikizire, ndipo polemekeza mwambo anaika kaseti ya kwaya. Mawu a azibambo oimba besi anatuluka okhuthala, oyera, moti ndinawamva m'chifuwa. Magalasi a minibasi ankanjenjemera. Agogo anawaza mpunga pamwamba pa bokosi, ndipo njere zinangoti phee.

"Achimwene anapanga limeneli asanamwalire," anatero a Filimoni.

"Pepani bambo," Lingisoni anayankha atavula kapusi, "sipikayi yabwera maliro atachitika. Loyamba limene mayiwa anapanga linaphwasuka, funsani pa siteji, aliyense anaseka. Ili ndi lachiwiri."

A Filimoni anali munthu wa thupi. Analizungulira bokosilo, analigogoda ndi chala, kenaka anakwerapo ndi nsapato zawo n'kudzigwedeza. Silinagwedere ngakhale pang'ono. Atatsika anaona chiguduli pakhomo la khitchini, n'kuyang'ananso mlombwa wa bokosilo.

"Filimoni, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata," anatero aNambewe. "Unanena wekha pa maliro. Zida zitsale."

Agogo sananyade. Anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti mnyamata wa a Filimoni, ngati akufunadi ntchito, abwere adzaphunzire pa benchi ya bambo ake aakulu. Sanabwere, koma madalaivala ena anabwera kudzafuna mabokosi awo, ndipo khitchini inapeza chitseko china mvula isanagwe.

Alendo atapita, tikusesa pabwalo, ndinawafunsa chimene chinkandisowetsa mtendere nyengo yonseyo.

"Agogo, nanga akanatenga mukanatani?"

"Ndikanapita ku Kandeu kukabwereka sowo."

"Akanakana?"

"Ndikanapitanso mawa lake. Munthu amatopa kukana, Mada. Iwe usatope msanga kuposa iye."

Agogo anatisiya kalekale, ndipo ndimawasowa kwambiri. Nditamaliza sukulu ndinafuna kuphunzira za magetsi a galimoto, koma mwini galaja wina pa boma la Ntcheu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundiuza kuti sasunga atsikana. Ndinamuthokoza. M'mawa mwake anandipeza nditaima pageti, tsiku linalo chimodzimodzi, mvula ndi dzuwa lomwe, anyamata ake akundiseka. Tsiku lina anatsegula geti, anapumira m'mwamba, n'kundiponyera ovolosi yong'ambika pabondo.

"Iwe mwana, sutopa?"

"Inuyo mwatopa, bwana?" ndinafunsa.

"Ndatopa. Lowa."

Galajayo lero ndimayendetsa ndine.