Mutu wa Mpopi M'thumba la Mkanjo

Chaka chimene koleji inandibweza, nditalephera mayeso a chaka chachiwiri mwaulemu wonse, ndinakakhala ku Senga Bay pa poloti ina ya lendi. Ntchito yanga inali kulembera anthu makalata: ofunsira ntchito, opepesa, odandaula. Pa mdadada wathu panali zipinda zinayi. China munali aphunzitsi a ku pulayimale ochokera ku Ntcheu, china mkulu wina wakabaza, china ine, ndipo chachinayi munkagona maukonde. Eni poloti ankakhala m'nyumba yaikulu kutsogolo: bambo a mabwato awiri, osaphonya swala ya kumzikiti, oyenda mu mkanjo woyera, ndi mayi, amene ankayanika usipa pa mathandala kuseri. Mpopi unali umodzi, pakati pa bwalo. Chimbudzinso chinali chimodzi, chodzaza moti munthu unkalowamo utakonzeka kale kutuluka.

Tsiku lina m'mawa, bambo atapita kudoko, mayi anafika pakhomo panga ndi mbale ya usipa. Ine ndikalandira mphatso ndisanagwire ntchito, ndimadziwiratu kuti kukubwera nkhani yovuta.

"Achimwene, inu munapita kusukulu," anatero mayi. "Mundilembere kalata kwa alangizi a zaumoyo. Ya chimbudzichi."

"Osangowauza bambo bwanji?"

"Ndayamba kuwauza mvula isanagwe. Amangoti Inshallah, Mulungu akalola. Mwana wathu akukwatiwa mwezi wamawa, akuchimuna akuchokera ku Chipoka. Ndikawalowetse mmenemuja? Koma dzina langa lisaoneke. Mulembe Chingerezi chija cholemera, kuti aope."

Ndinalemba. Ndinathiramo mawu onse amene koleji inaiwala kundilanda. Mayi anaumirira chiganizo chimodzi chokha: chakuti ntchentche zikuchoka kuchimbudzi n'kukatera pa nsomba za pathandala. Pansi ndinasaina kuti "ife okhudzidwa".

Patapita masiku anayi alangizi anabwera pa njinga. Anasuzumira, anabwerera chambuyo, n'kulamula kuti pakumbidwe china pasanathe milungu iwiri. Kenako, mwa kukoma mtima kwawo, anawaonetsa bambo kalata ija, n'kuwamasulira mzere ndi mzere.

Masana omwewo bambo anatuluka ndi sipanala. Anamasula mutu wa mpopi, kaja kopotokolera, n'kukaponya m'thumba la mkanjo.

"Odziwa kulemba makalata aulembere mpopiwu, mwina uwayankha," anatero. Kenako anandiyang'ana ine. "Mwezi ukatha chipinda chija ndikuchifuna. Maukonde achuluka."

Apa ndiye panali povuta. Kumudzi sindikanabwerera, chifukwa amayi anga ankauzabe anthu kutchalitchi kuti mwana wawo ali ku koleji. Chipinda chija ndicho chinkasunga mbiri yanga yabwino.

Ndinaitanitsa msonkhano wa ife a lendi kuseri kwa chipinda cha maukonde. Ndinafotokoza, dzanja lili pachifuwa, kuti mwini nyumba alibe ufulu wolanga anthu powatsekera madzi chifukwa chakuti adandaula, ndiponso kuti munthu sachotsedwa m'nyumba ngati mbuzi yolowa m'munda.

"Ufuluwo mungautungire m'chidebe?" anafunsa aphunzitsi. "Ine ndachapa yunifomu ya ana ndi madzi a kunyanja. Akadwala likodzo mukawalembera kalatanso?"

"Komanso 'ife' ameneyo ndi ndani?" anawonjezera akabaza. "Ine sindinakhudzidwe. Ine ndimakadzithandiza kumsika."

Chodabwitsa n'chakuti tonse tinkadziwa kuti mpopi wopanda mutu umatseguka bwinobwino ndi pulayazi, ndipo akabaza anali nayo pansi pa chishalo cha njinga. Koma anakana kuitulutsa. Ankati amene angagwire mpopiwo ndiye aoneke kuti anasaina nawo. Aphunzitsi ankakayikira akabaza kuti amakanena zokamba zathu kunyumba yaikulu. Akabaza ankakayikira aphunzitsi kuti akufuna ndichoke aikemo mlongo wawo. Onse awiri ankandikayikira ine, ndipo apo sankalakwitsa.

Mutu wa mpopi unkatuluka m'thumba kasanu pa tsiku, bambo akamatunga madzi m'ketulo kuti asambe asanaswali. Munthu wopita kukapemphera samana mnzake madzi akumuyang'ana m'maso, ndiye aphunzitsi ndi akabaza ankangoima pomwepo ndi zidebe, moni ali pakamwa. Pasanathe mlungu aphunzitsi, amene anali mkulu wa mpingo, ankadziwa nthawi za swala kuposa ena a kumzikiti. Iwo ankalandira chidebe chimodzi aliyense. Ine bambo ankandipatsa kapu imodzi yakumwa, poti ludzu silinali pa mlandu.

Koma amene ndinkawakayikira kwambiri ine anali mayi. Ndinaona kuti migolo yawo iwiri inali yodzaza kuyambira m'mawa wa tsiku limene alangizi anabwera. Munthu amadzaziratu migolo bwanji asanadziwe kuti mpopi utsekedwa? Tikakumana pabwalo ankandipatsa moni ngati mlendo, n'kuusa moyo kuti, "Achinyamata a masiku ano, makalata!"

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, bambo anandiitana pakhonde. Mayi anali pamkeka chapafupi, akusankha usipa, maso ali pansi.

"Achimwene, ndifunse kamodzi. Kalata ija munalemba ndinu?"

"Dzanja ndi langa, bambo."

"Nanga nzeru zake?"

Ndinayang'ana kumkeka. Dzanja la mayi linaima m'lichero. Ndikanatchula dzina, mwina chipinda chikanatsala changa, koma ndikanakhala pa poloti ya mayi amene ndawaulula, ndipo aliyense wa lendi amadziwa amene amalamuliradi bwalo.

"Nzerunso ndi zanga," ndinatero.

Mayi anayambiranso kusankha. Kenako analankhula ngati akuuza usipawo.

"Akuchimuna akafika, muziwaperekeza mmodzimmodzi kumpopi ndi kamutu kanu ka m'thumbako? Ndipo alangizi abweranso Lolemba, dzenje palibe. Mwanayu walakwa, inde. Koma manja ali nawo. Amene anadandaula za chimbudzi akumbe chimbudzi."

Bambo anagwedezera mutu, monga munthu amene waganiza yekha. Kenako anapisa m'thumba, n'kuika mutu wa mpopi patebulo.

"Ndaganiza kuti mukumbe," anatero.

Mchenga wa ku Senga Bay sukumbika mwaulemu. Ukachotsa fosholo imodzi, ziwiri zimabwerera, ndipo umayenera kumanga njerwa m'mbali uku ukutsika. Ndinakumba masiku asanu, mmisiri womanga njerwazo akundikalipira kuchokera pamwamba. Aphunzitsi ankadutsa ndi chidebe chodzaza n'kundifunsa ngati ufulu uja ndaupeza pansipo.

Tsiku lomaliza bambo anabwera, ananyamula mkanjo pang'ono, n'kunjuta m'mphepete mwa dzenje.

"Mwakumba bwino," anatero. "Koma tsiku lina mukamalembera munthu kalata, muzisamala. Wa lendi amadandaula za fungo. Wodandaula kuti ntchentche zikutera pa nsomba ndi mwini nsomba. Wallahi, ndikulumbira, alangizi atangofika pa mzere umenewo ndinamva mawu a mkazi wanga."

"Ndiye madzi munatsekera ife bwanji, bambo?"

"Mumafuna nditsekere iwowo?" anafunsa modabwa kwenikweni, n'kunyamuka.

Chipinda chija ndinakhalamo zaka zina ziwiri, ndipo makadi a ukwati ndinalemba ndine. Koma mpaka lero ndikakumbukira migolo yodzaza ija, ndi mmene bambo anavomerera msanga, ndimakayika ngati m'nyumba yaikulu ija munali mkangano n'komwe. Mwina munali anthu awiri ogwirizana, amene ankangosowa wokumba.