Mtsuko wa achemwali anga

Ndinali ndi zaka ngati khumi, ngakhale nthawi imeneyo panalibe wowerenga zaka. Tinkakhala kufupi ndi Limbuli, pamalo a mzungu wa tiyi, titaoloka mtsinje wa Muloza kuthawa Apwitikizi. Bambo anali atatengedwa kukanyamula katundu wa kunkhondo, ndiye pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine, ndi achemwali anga a Mwatitha, amene anali atangotha msinkhu.

Zinayamba ndi madzi. Achemwali ankapita kumtsinje m'mawa n'kubwera ndi mtsuko pamutu. Akafika pamtengo wa mbawa umene unali pafupi ndi nyumba, ankaima, n'kukhuthula madzi onse, n'kubwerera. Tsiku lina katatu, tsiku lina kasanu. Nkhata inawathothola tsitsi paliwombo, ndipo pansi pa mbawa panali matope ngakhale m'chilimwe.

Amayi anayamba ndi kukalipa, kenako ndodo, kenako misozi. Atsibweni anati ndi mizimu ya kwathu imene tinaisiya kutsidya osatsazika, ndipo anaitanitsa ng'oma za nantongwe. Anthu anaimba mpaka mawu kusasa. Achemwali anangokhala pamphasa, manja pamiyendo, mzimu osabwera. M'mawa mwake anakhuthulanso.

Tsiku lina ndinawatsatira.

"Achemwali, madziwa ali ndi chiyani?"

"Alibe kanthu."

"Nanga mukutayiranji?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Ndikafika pano mumtima mumabwera mawu akuti ndaponda muzu ndi phazi lamanzere, ndiye amayi akamwa madziwa afa. Ndikudziwa kuti ndi bodza, iwe. Ndikudziwa. Koma ndikapanda kutaya, mpweya umandithera." Anandigwira pamkono, dzanja lawo lili zii ngati mwala wa mumtsinje. "Usauze munthu."

Mutu wanga unaima. Munthu angadziwe bwanji kuti chinthu ndi bodza, n'kumachimverabe? Ndinaganiza kuti mwina akundinamiza, mwina ndi ulesi wothawa mtondo.

Masiku omwewo mnyamata wina wocheka matabwa ku Likhubula, dzina lake Mukhito, anali atafunsira achemwali. Atsibweni anatisonkhanitsa. "Pakhomo pano pakufunika mkamwini woti azikalowa thangata kwa mzungu, apo ayi atithamangitsa. Zamadzizi zisatuluke." Kuyambira pamenepo amayi ankatunga okha.

Ine sindinapite kukauza munthu. Ndinachita choposa pamenepo. Tili kubusa ndi anyamata anzanga, ndinasenza chikho, kuyenda monyada, kuima, kuyang'ana phazi, kukhuthula, n'kunena ndi mawu achitsikana, "Ndikudziwa kuti ndi bodza, iwe!" Anzanga anagubuduka ndi phwete. Ndinali mwana wa obwera, wa Chinyanja chopindika ndi Chilomwe, ndipo kanali koyamba kuti andiseke ine ndikufuna. Ndinabwereza mpaka mbuzi zinalowa m'munda wa eni. Pasanathe masiku, ana a mudzi wonse ankachita seweroli, ngakhale pamsika.

Ankhoswe a Mukhito anabwera kudzabweza mawu. Anati sangapereke mwana wawo kunyumba ya misala. Amayi anatenga khasu n'kukalowa thangata okha.

Ndinadikira chilango, koma sichinabwere. Akuluakulu sanadziwe amene anayambitsa. Achemwali anadziwa, poti mawu amene ana ankakuwa m'njira anali awo enieni. Sanandinenere. Madzulo ankandigawira chinangwa changa monga kale. Kungoti sanauzenso munthu za mumtima mwawo, ine kapena wina aliyense. Anamwalira atakalamba ku Milonde, kwa mwana wa atsibweni, osakwatiwa. Kumeneko ankangowadziwa ngati mayi wofatsa wochedwa kumadzi.

Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, ndipo nkhani iyi ndaiyamba kangapo n'kung'amba pepala. Mdzukulu wanga wogwira ntchito kuchipatala akuti amenewo ndi matenda a maganizo, amayamba kawirikawiri munthu akamasinkhuka, ndipo masiku ano thandizo lilipo. Atsibweni akanati mizimu. Ine ndimamvera onse awiri, ndipo mpaka lero sindimvetsa chimene chinkaima ndi achemwali pamtengo paja.

Chimene ndazindikira n'chochepa. Nzeru zawo zinali zonse, ndipo ankadzionera okha akuzunzika. Ena anawamenya, ena anawaimbira ng'oma, ena anawabisa. Mmodzi yekha ndi amene anawafunsa, iwo n'kumuyankha zoona, ndipo munthuyo ndinali ine.